Mapointi Makumi Awiri Opanda Thukuta

Tukiya ndi anzake asanu ndi awiri anaima kunja kwa geti la bwalo la basiketibolo, atavala majezi achikasu omwe manambala ake anachita kulemba ndi penti. Mlonda anawauza mwaulemu kuti timu ya Makandanyama sinali pa pepala lake, ndipo timu yosalipira silowa.

Chaka chatha kulowa mu ligi ya atsikana kunali makwacha mazana anayi. Chaka chino wapampando wa ligi, a Nevers Mulenga, anakweza ndalamayo kufika pa chikwi chimodzi ndi mazana asanu. Zina zomwe ananena zinali zoona. Eni bwalo anakweza lendi, marefa ankafuna zambiri, mipira nayo inadula. Koma panalinso tenti ya alendo olemekezeka, ngakhale mlendo wolemekezeka amene ankapezekamo Loweruka lililonse anali a Mulenga okha.

Atsikanawo anagulitsa zitumbuwa miyezi iwiri, napeza mazana asanu ndi limodzi. Tukiya, yemwe anali kaputeni, atapempha kuti azilipira pang'onopang'ono, a Mulenga anayankha kuti ligi yafika pena ndipo si kantemba kogulitsa zinthu pa ngongole.

Lamulo la ligi linkati timu ikapanda kuoneka, refa adikire mphindi khumi ndi zisanu, aimbe wezulo, kenaka timu inayo ipatsidwe mapointi 20 kwa 0. Tsikulo timu inayo inali ya Mukobeko. Refa, a Terence, anaima pakati pa bwalo n'kumayang'ana wotchi, akuyesetsa kuti maso awo asafike ku mpanda wa waya. A Mulenga anatenga maiki nalengeza mwachisoni kuti a Makandanyama sanaoneke.

"Ba Tcheya, tilipo," anatero Tukiya, chala chili pa waya. "Mukatiwerenga tili eyiti."

"Pa pepala simulipo, mwana wanga. Ligi imayendera pepala."

Tukiya anachoka pa wayapo. Anatenga mpira wawo wakutha, natsogolera anzake kuseri kwa mpanda, komwe kunali bwalo lakale la nthawi imene mgodi wa m'tauniyo unkagwira ntchito. Simenti yake inali yong'ambika, ring'i imodzi yoponyeramo mpira itawerama. Anachotsa timiyala ndi mapazi, nayamba kugunditsa mpira pansi mwamphamvu kuti phokoso likafike mu tenti.

Wezulo analira. A Mulenga anatsika kukagwira chanza atsikana a Mukobeko chifukwa cha kupambana kwawo kochititsa kaso. Kaputeni wawo, Yande, anayang'ana dzanjalo, kenaka nsapato zake zomwe zinali zisanakhudze fumbi.

"Manje Ba Tcheya, talipira minibasi kuti tidzamve wezulo chabe?"

A Mulenga anamufotokozera kuti mapointi ndi mapointi, ndipo akadzakula adzamvetsa. Yande anathokoza, anakwapatira mpira, natuluka pa geti timu yake yonse ili pambuyo. A Terence anati akupita kukaona kuti ana asavulazane, ndipo ananyamulanso wezulo. Oonerera anatsatira, mayi wogulitsa nzimbe nayenso. A Mulenga anatsala ndi maiki ndi mipando makumi atatu. Anapirira kwa theka la ola, kenaka anazungulira mpanda kukafufuza amene anapereka chilolezo.

Anapeza masewera ali mkati. Tukiya anali atanyuka bondo, magazi akuyenderera mpaka m'sokosi, koma anakana kutuluka. A Mukobeko anali aatali ndi ozolowera, ndipo sanawamvere chisoni. Pamapeto anapambana 34 kwa 21.

Tukiya anapita kwa a Mulenga akutsimphina, akupumira m'mwamba.

"Ba Tcheya, fafanizani ziro uja. Tagonja 34 kwa 21. Lembani zimenezo."

A Mulenga anati nkhani yotere imafuna komiti. Yande anayankha kuti a Mukobeko sakuwafuna mapointi a wezulo, ndipo akalembedwa, Loweruka lamawa adzafikira kuno kuseri. Makaputeni a matimu awiri omwe ankadikira masewera otsatira anati nawonso bwalo lakaleli lawasangalatsa.

Wapampando anayang'ana anthu onsewo, nakonza kukhosi. Analengeza kuti komiti yakhala ikuganizira kwa nthawi yaitali zolola matimu kulipira pang'onopang'ono, komanso zoti tenti iyambe yapuma. Palibe anafunsa kuti komitiyo inakumana liti. A Terence anawerama kuti msana wawo ukhale tebulo, ndipo a Mulenga anayalapo pepala.

Tukiya sanapite kukatsuka bondo mpaka ataona 21 atalembedwa pafupi ndi dzina la Makandanyama.