Kativi ka Mizere 160

Mtembo anaupeza 9 koloko m'mawa, kuseri kwa tebulo m'chipinda chokonzera mativi akale. Wokonza mativiyo anali chafufumimba, hamala ili pambali pa mutu wake. Sajenti, mayi wa ana atatu yemwe wafufuza milandu yakupha zaka makumi awiri, anafika 10 koloko ndi wapolisi mnzake, mapazi atatupa kale.

Mlamu wa malemu, amene ankalandira makasitomala kutsogolo kwa shopu, sanadikire kufunsidwa.

"Ndamuona ndi maso angawa, mayi. Kativi aka nkolumikizidwa ku kamera ya khomo lakuseri. Hafu pasiti 8 walowa telala uja wa chipsera patsaya. Dzulo lomweli amakangana ndi alamu."

"Chipseracho mwachiona?"

"Ngati mmene ndikukuonerani inumu."

Pofika 12 koloko telalayo anali m'chitokosi, bulauzi itanyowa mkaka.

"Kukangana ndinakangana, tivi yanga yatha miyezi itatu ili pomwepo. Koma m'mawa ndinali kuyamwitsa. Mboni yanga ndi khanda, mayi. Likalankhula bwanji?"

Sajenti sanamulonjeze kanthu. Anabwerera kushopu 2 koloko, n'kupeza mlongo wa malemu, mkazi wa mlamu uja, akukolopa magazi, mpango ataukokera kudiso lamanzere. Tivi iliyonse pashelefu inali ndi kapepala komatidwa: 330, 400, 280.

"Mitengo imeneyi?"

"Ayi, ndi mizere," anatero mayiyo motsitsa mawu. Anatulutsa khadi lojambulidwa mizere yakuda ndi yoyera, yotalikirana m'mphepete, yopanikizana pakati, manambala ali m'mbali. "Achimwene ankayeza nalo tivi iliyonse. Ankaliika kutsogolo kwa kamera n'kuyang'ana pa tiviyo pamene mizere yasakanikirana ngati phulusa. Nambala ya pamenepo ndiyo ankalemba. Ikachepa, ndiye kuti chithunzi nchachimbuuzi."

Sajenti anatembenuza kativi ka mlamu. Kapepala kake kanali ndi 160, pansi pake mawu amodzi: Yotaya. Kenako anayang'ana mpango uja kwa kanthawi, n'kumunong'oneza mayiyo zochita.

Itakwana 3 koloko anamukhazika mlamuyo pampando wake womwewo.

"Bambo, ndili ndi zochapa kunyumba, tisachedwetsane. Pakhomo lakuseri paima munthu. Ndani?"

Mlamu anasuzumira pagalasi la kativi kaja. Panali chithunzithunzi chotuwa, mutu ngati dzira.

"Ndi... wapolisi mnzanu uja."

"Yang'anitsitsani. Mwamuna kapena mkazi?"

"Kamerayi lero yavuta."

"Si kamera, ndi kativi aka. Kavuta chiyambire kalekale. Mlamu wanu anachita kulemba."

Sajenti anakuwa kuti munthuyo alowe. Analowa mkazi wa mlamuyo, mpango uli m'manja, diso litatupa ngati chibakera.

"Mkazi wanu amene mwakhala naye zaka khumi simunamuzindikire. Diso lonseli simunalione. Koma kachipsera ka telala, kochepa ngati ulusi, munakaona. Mukundiyesa mwana?"

Mlamu anapukuta thukuta ndi kolala. Anayang'ana khomo, koma wapolisi anali ataima pomwepo.

"Analowerera za m'banja mwanga," anatero pomaliza. "M'mawa anaona disolo. Anati lero lomwe amutenga mlongo wake ndi ana, ndipo ine akandisiya kupolisi. Anandilankhula ngati galu, atandifulatira, akumasula tivi. Hamala inali pomwepo."

"Nanga telala anakulakwirani chiyani?"

"Anthu onse anamumva akukalipa dzulo."

"Ndiye munati khanda lake ligone ndi njala kuti inu mugone kwanu."

Unyolo utalira m'manja mwa mlamuyo, mkaziyo sanagwetse msozi. Anapukuta khadi la mizere lija ndi mpango, n'kulipereka kwa Sajenti.

"Likafunika kukhoti, eti?"

"Likafunika. Inunso mukafunika."

"Ndibwera."

Sajenti anaimba foni kupolisi akuvula nsapato imodzi.

"Mutsegulireni telala tsopano lino, ndipo mukamutule pagalimoto. Mwana wake sanayamwe chiyambire 12 koloko."