Fulashi Yofiira ya ku Ngara

"Amake Leticia, kodi kachilombo kangalowe kokha m'kompyuta popanda wokabweretsa?" Mayi Zainabu anafunsa funsoli ali chiimire pakhomo, ndipo mayi Anne amalikumbukirabe ndi manyazi.

Nyumba ya mayi Anne ku Ngara inali yamtendere, ya mapemphero m'mawa ndi madzulo. Mwana wawo Leticia atalemba mayeso a Folomu 4 ankangokhala pakhomo. Mayi Zainabu, a ku Mangochi, amene anali ndi shopu yotaipira ndi kusindikiza makalata, anamumvera chisoni. Anayamba kumuphunzitsa kompyuta ulere, masana n'kumamugawira tiyi ndi mandasi limodzi ndi mwana wawo Rahma wa Folomu 3. Lamulo linali limodzi: fulashi yachilendo isalowe m'kompyutamo eni ake asanaione.

"Anthuwa akutichitira chifundo," mayi Anne ankamukumbutsa. "Usandichititse manyazi, mwanangu."

"Ndamva, mama. Mukundiyesa kamwana?"

Pamsika panali Lawi, mnyamata woikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafulashi. Tsiku lina anamuitana.

"Iwe Leti, chikompyuta chonse chija uzingotaipirapo mayeso a ana? Tenga iyi, muli mafilimu achikondi oti sudzaphethira."

"Mayi aja amakaniza."

"Akalowa kukaswali akuone ndani? Mantha bwanji, mtsikana wamkulu ngati iwe!"

Masana omwewo, mayi Zainabu atalowa kuseri kukaswali, Leticia anabaya fulashiyo. Mafoda ake anali ndi timivi m'makona, koma iye anangodina, filimu n'kuyamba. Mawa lake anabwereza. Sabata isanathe, fulashi iliyonse ya kasitomala yolowa m'kompyutamo inkatuluka ndi mafoda abodza okhaokha. Aphunzitsi awiri anasowa mayeso a ana awo, nadzalalata pashopu anthu akuonerera.

Ndi tsiku limenelo pamene mayi Zainabu anabwera ndi funso lawo. Mayi Anne anaitana Leticia.

"Ine ayi, mama. Koma Rahma ndinamuona ndi fulashi yofiira, akuonera zinthu zoti sindingazitchule pano."

"Wanga uyu sanama, achemwali," anatero mayi Anne, dzanja lili pachifuwa.

Rahma analumbira mpaka mawu anamuthera, koma mayi ake sanamumvere. Loweruka anamukweza basi, pakati pa teremu, kuti akalangidwe kwa malume ake ku Mangochi. Amene anamunyamulira chikwama kupita ku siteji anali Leticia.

Patapita masiku kunabwera bambo Gregory, mphunzitsi wa makompyuta pasekondale ina. Anaika pulogalamu yophera tizilombo, n'kusesa kompyuta yonse ndi mafulashi a aphunzitsi aja. Kenako anauza makinawo kuti aonetse zobisika, mayeso onse n'kutulukira.

"Kachilomboka sikafufuta, kamangobisa," anatero. "Foda yokhala ndi kamuvi m'fulashi musamaidine. Ndipo fulashi imene inakabweretsa ipezeke, ifufutidwe yonse. Apo ayi kabwereranso."

Pochoka anangolandira kapu ya madzi. Mayi Zainabu anaimba foni ku Mangochi kuti asecheko katundu wa Rahma. Sanapezemo kanthu.

Fulashi yofiira ija anaipeza ndi mayi Anne, akuchapa, m'thumba la yunifolomu ya kwaya ya Leticia. Anakhala pansi pambali pa beseni, thovu lili m'manja. Leticia atafika, sanamukalipire.

"Unamunyamulira chikwama, Leticia. Unamubayibitsa basi ikunyamuka. Ndipo ine ndinagwira pachifuwa chifukwa cha iwe."

"Ndinkaopa, mama."

"Rahma sankaopa?"

Anapita naye kushopu, fulashi ili m'manja mwa Leticia. Mayi Zainabu anamvetsera mpaka kumapeto. Anakokera mayi Anne mpando, koma anauza Leticia kuti pakompyuta asadzakhalenso. Lawi atamva anangoseka, nati fulashiyo sakuidziwa. Rahma anabwerera patatha masabata asanu, wowonda, maphunziro atamupitirira, ndipo akakumana ndi Leticia panjira ankayang'ana kumbali.

Ana inu, imvani. Kusamvera kwa masiku awiri okha kunabala bodza, ndipo bodzalo linapweteka munthu wosalakwa. Kompyuta inachira tsiku limodzi, koma kukhulupirirana sikuchira msanga chotero. Ukalakwa, vomera tchimo lako lisanagwere mnzako.

Mwezi wotsatirawo Leticia ankadzuka m'mamawa, n'kupita kwa atsikana a kalasi la Rahma kukabwereka makope. Anakopera pamanja zonse za masabata asanu aja, phunziro ndi phunziro, mpaka chala chinachita thuza. Lolemba lina anasiya makope asanu ndi limodzi pakauntala ya shopu, osalembapo dzina, n'kubwerera.

Madzulo mayi Anne podutsa anaona Rahma atakhala pakhonde, kope limodzi lili pamiyendo, akuwerenga. Mtsikanayo anadzutsa mutu.

"Mwaswera bwanji, mama? Mukamuuze kuti zilembo zake zikuwerengeka."