Tijambuleni, Achemwali

Tione anakumana ndi Percy pamalo odikirira basi pa Duke Street, ku Dennistoun, m'mawa wina wa mvula yamphepo. Ambulera yake inatembenuka n'kuthyoka, iye n'kufuula, "Mayo ine!"

"Pepani achemwali," anatero mwamuna wina amene anaima kumbuyo kwake. "Maambulera a kuno amafa ngati nkhuku za chitopa."

Tione anacheuka msangamsanga. Chichewa! Panali patatha chaka ndi miyezi inayi chibwerereni ku Glasgow, ndipo Chichewa ankachimvera pafoni pokha. Ntchito yake inali yosamalira okalamba m'nyumba zawo, Lamulungu lomwe, moti ngakhale kutchalitchi sankapondako. Akaweruka ankabwerera kukachipinda kake, komwe chomulankhula chinali ketulo basi.

Basi inabwera, inapita. Onse awiri sanakwere.

Kuyambira tsiku limenelo foni ya Tione sinapumenso. M'mawa: "Wadzuka bwanji, duwa langa la ku Dedza?" Masana: "Wadya, shuga wa mu tiyi wanga?" Mawu otere mtsikana wa kumudzi akhoza kuwaseka n'kuwataya kudzala. Koma kamupezeni ali yekha kudziko la eni, dzuwa likulowa 3 koloko masana, muone ngati sawasunga pansi pa pilo!

Percy ankayendetsa galimoto yoperekera katundu m'masitolo, ndipo ankakhala ku Springburn. Kumeneko Tione sanapiteko.

"Ukaonako chiyani, babe?" ankatero Percy akuseka. "Timakhala amuna asanu m'nyumba imodzi. Masokosi okhaokha!"

Patatha miyezi isanu ndi iwiri, Percy anamugwira dzanja n'kumuyang'ana m'maso.

"Tione wanga, ine za chibwenzi chobisa ndatopa nazo. Ikangotha Khirisimasi, amalume anga akafika kwanu ku Dedza kukaonekera. Uwauze amalume ako akonzeke. Chaka chamawa ngati pano udzakhala uli pakhomo panga."

Tsiku lomwelo Tione anaimbira amalume ake, a Cuthbert.

"Mwana iwe, munthuyo ukumudziwa bwino?" anafunsa.

"Ndikumudziwa, malume."

"Chabwino. Ife tidikira alendowo. Koma nkhani ikafika pa ankhoswe sikhalanso yamasewera, wamva?"

Sabata isanathe, mayi ake anali atauza kale amayi onse a Mvano. Mudzi wonse unadziwa kuti Tione wapeza banja ku Ulaya.

Koma chakumapeto kwa Novembala, Percy anayamba kusowa. Mameseji anafupika. Akamuimbira madzulo, foni inkangoitana mpaka kuduka yokha. "Ntchito yachuluka, wokondedwa, si ukudziwa nyengo ya Khirisimasi?" Tione anamvetsa. Nanga akanatani? Chokhacho chimene anachigwiritsitsa chinali lonjezo lakuti adzapita limodzi kumsika wa Khirisimasi wa pa George Square, n'kukakwera chigudumu chachikulu chozungulira chimene chimakweza anthu m'mwamba kuti aone mzinda wonse.

Loweruka lachitatu la lonjezolo, Tione atavala kale jekete lake labwino, meseji inalowa.

"Pepa mtima wanga, andiika shifiti ya ku Paisley mpaka mawa. Tidzapita tsiku lina. Ndimakukonda kwambiri."

Anakhala pabedi kwa kanthawi. Kenako anadzuka, nati, "Ndipita ndekha. Miyendo ndi yanga."

Pamene ankafika pamsikapo kunali kutayamba kale kuda, ngakhale anali masana. Magetsi anali waliwali paliponse. M'timanyumba tamatabwa ankagulitsa masoseji aatali ngati mkono, zipewa zaubweya, makandulo onunkhira ndi vinyo wotentha. Koma anthu onse anali awiriawiri! Uyu wakolowekana mkono ndi wake, uyo akumupukuta mnzake shuga pamlomo. Tione anamva kusungulumwa kumene sanakumvepo ngakhale m'kachipinda kake kaja.

Anagula chokoleti chakumwa chotentha, naima pansi pa chigudumu, n'kuyamba kumujambulira Percy mawu pafoni.

"Percy wanga, ndili pamsika paja, ndekhandekha. Kukuzizira. Ndakusowa..."

"Zikomo mayi! Kodi ndamva Chichewa?"

Anali mayi wachitsikana, wovala jekete lachimuna lomukulira, chitenje atachimanga pamwamba pa buluku. Maso ake anali mwee ndi chimwemwe.

"Ee, mwamva Chichewa," anayankha Tione.

"Ambuye ndi wabwino! Muli bwanji, achemwali? Ine ndine Malita, wa ku Kasungu. Ndangotha masabata atatu chibwerereni. Ndinayesa ndifa ndi mawu m'kamwa!"

Anagwirana chanza, n'kukumbatirana ngati anabadwa bere limodzi. Tione anamupatsa kapu yake kuti afunditse zala, ndipo anamwera limodzi momwemo.

"Koma achemwali, dziko lanji ili?" anatero Malita. "Zovala kuchapa Lolemba, kuuma Lachinayi. Aneba ndawapatsa moni katatu, angondimwetulira n'kutseka chitseko. Nanga Chingerezi cha madalaivala a basi? Ine ndinakhoza Fomu 4, koma ndimangoti yes, yes, osadziwa chimene ndavomera!"

Tione anaseka mpaka misozi. Anali ataiwala kuti kuseka ndi mkazi mnzako kumakoma chonchi.

"Mwabwera nokha kuno?" anafunsa.

"Ayi, ndili ndi bambo a Ndapile. Apita ndi mwana kukamukweza timahatchi tozungulira tija, ine ndimachita chizungulire. Zaka zitatu, achemwali, tikudikira mapepala. Avutika nafe bambo a Ndapile, ndisaname. Ine ndi mwayi wanga."

Mkazi woleredwa bwino satchula dzina la mwamuna wake pamaso pa mlendo, ndipo Tione, woleredwa bwino mnzake, sanafunse. Anangomva kansanje pang'ono, ndiye anafuna naye adzitameko.

"Inenso wanga alipo. Lero ali kuntchito. Amalume ake akupita kwathu kukaonekera ikangotha Khirisimasi."

"Eee! Zoona?" Malita anaika dzanja pakamwa n'kululutira chapansipansi, azungu awiri mpaka kucheuka. "Ndiye chinkhoswe tidzavinira konkuno! Bweretsani nambala yanu msanga. Ine ndidzakhala wophika, mandasi ndimawatha."

Anapatsana manambala. Malita asanabweze foni m'thumba, anakweza dzanja.

"Si awo akubwera apowo! Bambo a Ndapile! Kuno!"

Tione anatembenuka akumwetulira.

Mwamuna anali kubwera pakati pa chigulu cha anthu, atanyamula kamtsikana paphewa, kakunyambita switi yooneka ngati thonje. Anali Percy. Percy wa shifiti ya ku Paisley! Percy wa amuna asanu ndi masokosi!

Percy anaima chilili, nkhope itachita kuti mbuu. Kenako anatsitsa mwana pansi pang'onopang'ono, ngati wanyamula mazira.

"Ndapeza m'bale!" anatero Malita. "Awa ndi achemwali a Tione, a ku Dedza. Apatseni moni."

Percy anatambasula dzanja, lina atagwira pachigongono.

"Muli bwanji, mayi?"

Mayi! Pakamwa pomwe paja pankatuluka duwa ndi shuga! Tione anafuna kukuwa. Anafuna kumuthira chokoleti chotsalacho kumaso, msika wonse umve. Koma kamwana kaja kanali katamugwira kale jekete, kakumuyang'ana ndi maso a bambo ake. Mawondo a Tione anapinda okha mwaulemu, monga anamuphunzitsira mayi ake.

"Ndili bwino, kaya inu, bambo?"

"Achemwaliwa akukwatiwa," anapitiriza Malita, osaona kanthu. "Akuchimuna akupita kwawo ikatha Khirisimasi. Kuno alibe achibale, ndiye inu mudzaimirire ngati mchimwene wawo pa chinkhoswe. Mwamva, bambo a Ndapile?"

"Ndamva," anatero Percy, akuyang'ana nsapato zake.

"Ndiye tijambuleni, achemwali, chigudumucho chioneke kumbuyo. Ndikufuna nditumize kwa apongozi, aone kuti banja lakumana."

Tione analandira foni. Pagalasi anaona Malita atatsamira pachifuwa cha Percy, mwana ali pakati. Chithunzi choyamba chinatuluka chogwedera. Chachiwirinso chimodzimodzi.

"Mayo, manja akunjenjemera ndi chisanu!" anatero Malita. "Bambo a Ndapile, abwerekeni magolovesi anu."

"Ayi, musavutike," anatero Tione. Anapuma mwamphamvu, nagwira foni ndi manja awiri. "Mwetulirani, bambo."

Chachitatu chinatuluka bwino.

Tione anatsanzika ponamizira kuti ali ndi gogo wina wofunika kukamumwetsa mankhwala. Malita anamukumbatiranso, namunong'oneza kuti asasowe. Tione anayenda osacheuka, kudutsa timanyumba tonse tija, mpaka nyimbo za pamsika zinazilala kumbuyo kwake.

Atangokhala pansi m'basi ya ku Dennistoun, foni inanjenjemera.

"Babe, chonde usakwiye. Si mmene ukuganiziramu. Ndikufotokozera zonse mawa. Iwe ndiwe mtima wanga."

Anawerenga kamodzi, n'kutseka nambalayo kuti isadzamupezenso. Misozi sinabwere. M'malo mwake anaimbira ku Dedza, mtima usanabwerere m'mbuyo.

"Malume, alendo aja musawadikire."

"Bwanji? Asintha tsiku?"

"Ayi. Munthu uja ali ndi mkazi ndi mwana. Ndawaona ndi maso angawa. Ndawajambula ndine."

A Cuthbert anati, "Mayi ako ndikawauza ndekha. Iwe limba mtima, mwana wa mlongo wanga."

Ngakhale pamenepo Tione sanalire. Anatsamira pazenera lozizira, akuyang'ana magetsi a m'masitolo akudutsa. Foni inanjenjemeranso. Chinali chithunzi chija, anthu atatu ndi chigudumu chowala, ndipo pansi pake panali mawu.

"Chatuluka bwino kwabasi, achemwali! Pa Khirisimasi musakhale nokha, mubwere kwathu ku Springburn. Usiku uliwonse ndimapemphera kuti Mulungu andipatse mnzanga kuno. Lero wandiyankha."

Akanayankha chiyani? Akananena zoona, akanamuphwanyira banja mkazi amene sanamulakwire kanthu. Akanangokhala chete, Malita akanadikira pazenera tsiku lonse la Khirisimasi, n'kumadzifunsa kuti walakwa chiyani.

Apa ndi pamene Tione analira, mokweza, osasamala za anthu a m'basimo. Basi inaima pa Duke Street, zitseko zinatseguka, n'kutsekekanso, iye ali chikhalire ndi foni m'manja.