Mpeni Umene Anabwereka a Blackson

Farida anali kuseri kwa khitchini akukwecha chiwaya ndi mchenga wosakaniza ndi phulusa pamene a Blackson anatulukira pampanda wa bango. Makasitomala omaliza anali atapita, ndipo a Matilda, eni ake a lesitilanti imene Farida ankaphikamo, anali mkati akusanjikiza mipando. A Blackson anapereka moni chipewa chili m'manja monga mwa masiku onse. Anali eni ake a lesitilanti ina yapafupi, bambo wofatsa, wa kamimba kake, wosajomba pamaliro, ndipo siwa iliyonse ankafika ndi thumba la mpunga.

Anati mpeni wa kukhitchini kwawo waguluka chigwiriro, pomwe mawa kukubwera basi ya alendo ochokera ku Blantyre. Anapempha kuti Farida awabwerekeko wake, aubweza m'mawa.

Pa Nkhudzi pali zinthu zitatu zimene sumana mnzako wogulitsa naye: moto, mchere ndi mpeni. Ukamana, pofika mawa mbiri yako yafika kale ku Monkey Bay. Farida anapukuta manja pachitenje n'kukatenga mpeni wake, wa chigwiriro chamtengo chimene chinada bii ndi thukuta la m'manja mwake. A Blackson anaulandira ndi manja awiri, koma pachigwiriro sanagwirepo. Anaukulunga m'kansalu koyera n'kuulowetsa m'thumba.

"Dzanja lako timalimva, mwananga," anatero. "Ndi dzanja lenileni la malemu mkulu wako."

Farida anathokoza, koma mawuwo anamusiya ndi nthumanzi.

Mzere wa malesitilanti a nsomba pamchenga paja unayamba pamene alendo a m'tauni anazolowera kubwera Loweruka kudzadya chambo. Aliyense amene anali ndi chiwaya ndi kachitini ka penti anatsegula yake. Kutseka sikunali kwachilendo. Mwera ukaomba chambo chimasowa, makala amakwera mtengo, ndipo chaka china nyanja inadzaza n'kulowa mpaka pansi pa mbaula. Wina akatseka wina ankatsegula pomwepo, moti amene analemera pamzerepo ndi wolemba zikwangwani.

Koma kutseka kwa zaka zaposachedwa kunali kwina. Kunkayamba ndi maliro. Woyamba anali Lusiya, amene kampango wake ankakoka anthu kuchokera ku Mangochi. Anayamba kudandaula kuti akudzuka wotopa ngati wachezera kulima, kenako lilime linamulemera, kenako anagona osadzukanso. Bwana wake anayesa ophika ena, makasitomala anathawa, iye n'kutseka. Anatsatira Abiba, matenda omwewo, ndipo nakonso anatseka. Chaka chathachi imfa inalowa m'nyumba mwa Farida n'kutenga mkulu wake, Awa, amenenso anali wophika pamzerepo.

Amayi amene anasambitsa thupi la Awa anatuluka m'nyumba osayang'anana. Patapita nthawi mmodzi ananong'oneza mnzake kumjigo kuti thupilo linali loterera ndi lozizira ngati thunthu la nthochi, ndipo kukamwa kunakanika kutseguka. Shehe atamva anawadzudzula kuti asiye zonyoza maliro, nkhani n'kuthera pomwepo.

Malo onse otsekedwawo anagula a Blackson n'kuwalumikiza ndi awo. Anaika matebulo atsopano, mababu amitundumitundu ndi wailesi ya mkokomo. Khitchini yawo inali ya njerwa, yopanda zenera, kupatula kabowo kamodzi pakhoma kamene mbale zinkatulukirapo. Atsikana operekera chakudya ankawatenga kutali, ankawasintha pafupipafupi, ndipo palibe amene analowapo m'khitchinimo. Wina akafunsa za ophika, a Blackson ankaseka n'kunena kuti ndi amayi a ku Mozambique, amanyazi, osamva Chichewa. Amayi amanyaziwo sanaonekepo kumjigo, kumsika, kumzikiti kapena kutchalitchi.

Abambo opita kumzikiti ku swala ya m'bandakucha ankati akamadutsa kuseri kwa khomalo amamva kwee, kwee, kwee, mipeni ikupala mamba a nsomba, koma osamva kutsokomola kapena kuseka kwa munthu. Agalu a pamchenga, amene amalimbirana ngakhale mutu wa usipa, dzenje la matumbo la a Blackson ankalilambalala. Anthu ankaziona zonsezi, koma nsomba za asodzi onse ankagula ndi a Blackson omwewo, ndipo khoswe akakhala pamkhate sapheka. Pamzere wonse inatsala lesitilanti yawo ndi ya a Matilda basi.

M'mawa mpeni sunabwere. Farida atakaufunsa, a Blackson anapepesa kuti alendo achuluka, aubweza mawa. Mawalo linabala mawa lina.

Farida anayamba kudzuka mapewa akuphwanya. Ankasamba ndi sopo asanagone, koma kukacha pilo ankanunkha nsomba yaiwisi. Tsiku lina anapeza mamba atamatirira m'mikono mpaka m'zigongono, ena m'zikhadabo, ndipo chala chachikulu chinali ndi bala la munga wa chambo limene sanagone nalo. Chitseko chinali chokhoma mkati monga anachisiyira. Anakhala pamphasa, ndipo pofuna kutchula dzina la Mulungu anamva lilime likulemera ngati la munthu wina. Anachita mantha kwambiri, koma sanauze aliyense, poopa kuti akangozitchula ndiye kuti zatsimikizika.

A Matilda nawo anali ndi nkhawa yawo. Makasitomala ankawadutsa n'kukakhala kwa a Blackson, ndipo wophika wawo tsopano ankapsereza nsomba ali chiimire, maso ali gwa. Masana ena anapempha dalaivala wa minibasi kuti akawagulire mbale ya chambo kwa a Blackson, ati aone kuti mnzawoyo amathiramo chiyani. Mbale inabwera ndi nsomba ziwiri. A Matilda anaiika patebulo la kukhitchini n'kuitana Farida kuti alawe.

Farida sanalawe. Anangoyang'ana michira.

Mayi awo ku Makanjira anawaphunzitsa, iye ndi Awa, kuti nsomba ukaithira mchere uzidula kansonga ka kumwamba ka mchira, kuti usaithirenso kawiri ntchito ikachuluka. Pa Nkhudzi panalibe wina wochita zimenezo, anzawo ankangowaseka kuti akuchita chinamwali cha nsomba. Michira yonse iwiri m'mbalemo inali yodulidwa. Nsomba imodzi inali yotemedwa mizere yopendekera kumanzere, ndipo Awa anali wamanzere.

"Iyi atema ndi achemwali," anatero Farida.

"Awa tinaika m'manda, Farida. Usalankhule choncho."

"Nanga iyi?" Analoza yachiwiri, ya mizere yopendekera kumanja. "Iyi ndatema ndine, amayi."

Mawuwo anatuluka mopotoka, ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. A Matilda anamuyang'ana m'mikono, anaona mamba amene sopo anawalephera, n'kukhala pa thumba la makala. Anakumbuka kuti mwamuna wa Lusiya anayendayenda pamzere kufunsa mpeni wa mkazi wake maliro atatha. Farida naye anakumbuka kuti pogawa katundu wa Awa mpeni sunapezeke, ndipo achibale anakangana poganizirana kuba.

"Mpeni wako uli kuti?" anafunsa a Matilda motsitsa mawu.

Farida analoza ndi mutu kukhoma la njerwa.

A Matilda anati apite kwa Shehe, apitenso kwa abusa, anthu asonkhane. Farida anapukusa mutu. Anaona mmene zinathamangira kwa mkulu wake lilime litangoyamba kulemera, ndipo misonkhano ya pa Nkhudzi sithamanga choncho. Galimoto ya a Blackson inali itanyamuka m'mawa kukagula mafuta ophikira ku Mangochi. Ngati mpeniwo unali woti autenge, nthawi yake inali yomweyo.

Dzuwa linali paliwombo, mchenga ukuwotcha mapazi. Kutsogolo alendo ankaseka, wailesi ikulira. Kuseri kunali kachitseko kachitsulo kotsekedwa ndi loko wakunja. A Matilda anabwera ndi chitsulo chokumbira n'kukanula mpaka misomali inazuka, koma kulowa anakana. Anaima patali akupemphera, chitsulo chili m'manja.

Chimene chinayamba kumulandira Farida ndi fungo la mafuta opserera losakanikirana ndi la dothi la kumanda. Mkatimo munali mdima ndi kutentha kophika munthu. Maso atazolowera anaona mbaula zikuyaka m'mbali mwa khoma, ndi amayi atatu atakhala pansi, aliyense ndi mulu wa nsomba patsogolo pake. Kwee, kwee, kwee. Palibe anatukula mutu. Anali owonda ngati bango, tsitsi litaphotana, ndipo awiri anali atavala nsalu zoikira maliro zimene zinada ndi mwaye. Wachitatu anali mu diresi loyera limene Farida analiona komaliza m'bokosi la Lusiya.

Pambali pawo panali malo achinayi. Panali kachiguduli kokhalapo, mulu wa chambo, ndi mpeni wake pamwamba pa muluwo.

Mmodzi mwa amayiwo ankapala ndi dzanja lamanzere.

"Achemwali," anaitana Farida.

Dzanja lija linaima. Awa anatukula nkhope pang'onopang'ono, maso ali mbee, ndipo atamuzindikira mng'ono wake anatsegula pakamwa kuti ayankhe. M'kamwamo munalibe lilime. Munangotuluka mpweya, misozi n'kutsika m'masaya akuda ndi utsi.

Farida anafuna kungotola mpeni n'kuthawa. Koma atafika pakachiguduli miyendo inapinda yokha n'kumukhazika pansi, ngati yazolowera malowo. Dzanja lamanja linatola mpeni, lamanzere linagwira chambo kumutu, ndipo anayamba kupala. Choopsa n'chakuti mantha onse anamuthera. Anamva mtima ukukhala pansi, dzina lake likumutalikira, pemphero la a Matilda panja likumveka ngati phokoso la kutsidya kwa nyanja. Anapala nsomba imodzi n'kutola ina.

Khofi limene linamugwera patsaya linamubwezera m'thupi mwake. Awa anali atakwawa kuchoka pamalo ake. Anamulanda nsombayo, anamufumbatitsa mpeni mwamphamvu, kenako anakokera mulu wonse wa Farida n'kuuphatikiza ndi wake. Anamukankha pachifuwa, akuloza kuchitseko.

"Tiyeni limodzi," anatero Farida akulira. "Achemwali, tiyeni kwathu."

Anamugwira mkono n'kumukoka. Awa anatsatira mpaka pakhomo, koma phazi lake litangokhudza pamene dzuwa linkafika, thupi lonse linauma gwa. Farida anakoka ndi mphamvu zake zonse, Awa osasuntha, ngati wakhomeredwa pansi. Kumsewu kunamveka hutala ya galimoto imene aliyense pa Nkhudzi ankaidziwa. Awa anasolola mkono wake, anamusisita mng'ono wake patsaya limene anamumenya lija, n'kubwerera mumdima. Farida asanafike pampanda, mipeni inali itayambiranso kulira.

A Matilda anamukokera kukhitchini kwawo, anamulanda mpeni n'kuuponya pambaula. Chigwiriro chinapsa ndi fungo la tsitsi lowauka. Chitangosanduka phulusa, Farida anasanza madzi onunkha nsomba, lilime n'kumasuka. Mawu ake oyamba anali akuti anthu apite msanga akamutulutse Awa.

Anthu anasonkhana ndithu, Asilamu ndi Akhristu omwe, asodzi ndi amayi a pamsika. Koma chaona mnzako chapita, aliyense ankaganiza za mawa lake. Wina anati adikire Shehe abwere kuchokera ku maliro a kutali, wina anati apolisi ndiwo ayambe kulowa, wina anati zinthu zotere sazilowera kukuda. Farida anagwada pamchenga kuwapempha mmodzimmodzi, amuna akuluakulu n'kumangoyang'ana pansi. Anagwirizana zopita kukacha.

Kutacha anapeza matebulo ali m'malo mwake, mababu akuyakabe, atsikana operekera chakudya atakhala panja osadziwa kolowera. Khitchini inali yosesedwa bwinobwino. Munalibe mbaula, mpeni kapena mamba amodzi. Msodzi wina amene ankabwerera kokoka makoka anati anakumana ndi boti la injini likulunjika kutsidya, a Blackson ali kumbuyo, ndipo pakati panali lona lofunditsa katundu. Anati pansi pa lonalo anaona mapazi a anthu.

Lesitilanti ya a Blackson inatsekedwa, ndipo mpaka lero palibe amene wafuna malowo ngakhale atatsitsa mtengo. Ya a Matilda ndiyo imadzaza Loweruka, alendo akuyamikira chambo cha Farida. Kunamveka mphekesera kuti cha ku Malindi kwatsegulidwa malo atsopano a nsomba zokoma, koma Farida atawoloka anapeza atatseka kale, mwini wake atasamukira kumene anthu sanadziwe.

Farida anachira. Ananenepa, tulo amagona tabwino, ndipo anzake amamuuza kuti athokoze Mulungu. Amathokoza ndithu. Koma m'mawa uliwonse akadzuka thupi lili lopepuka, mikono ili yoyera, amakhala pamphasa n'kulira, chifukwa mulu wake uja sunachotsedwe, ndipo amadziwa amene akumupalira.