Batani Lakufa pa Kompyuta ya Vincent

Vincent anakumana ndi Consolata tsiku limene Santhe yense anali pa mzere wa feteleza wa makuponi. Mtsikanayo anabwera kudzagulira mayi ake thumba, ndipo dzuwa litamuwamba analowa m'kashopu ka Vincent kudzatchajitsa foni.

Mwini shopu sanamuone n'komwe. Maso anali pa kompyuta yake yakale, akuthamangitsa adani ndi mfuti m'gemu ya asilikali imene anzake anaisiya kalekale.

"Achimwene, mukatha kupha anthuwo mundithandizeko," anatero Consolata.

Vincent anadzambatuka mwamanyazi. "Pepani achemwali. Kapena muyeseko?"

Anayesadi. Koma kiyibodi ya Vincent inali ndi chilema: batani la W, loyendetsera msilikali kutsogolo, linafa. Iye anasamutsira ntchitoyo pa batani la 7, moti aliyense wodziwa gemuyo ankayamba wasokonezeka n'kudandaula. Consolata anaphunzirira pomwepo, osadziwa kuti ena amasewera mwanjira ina.

Fodya asanafike pothyola, dzina loti CONSO linali pamwamba pa mndandanda wa akatswiri, ndipo Vincent anali atagwa m'chikondi mpaka m'khosi.

"Duwa langa, bwanji umandiwombera opanda chisoni?" ankamufunsa.

"Kuti usathawire kwa wina, Vini wanga."

Kenako Consolata anapeza malo pa kosi ya zosoka ku Lilongwe. Akukwera minibasi, anamugwira dzanja.

"Usadzaifufute gemu yathu. Ndikabwera tidzasewera mpaka tidzakalambe."

Makuponi anagawidwa kawiri iye osabwera. Anzake a Vincent ankamuseka kuti akukakamira gemu ya zithunzi zofiira ngati fumbi, chonsecho m'mafoni muli zatsopano.

"Umu simusintha kanthu," ankayankha. "Ngodya iliyonse ndimaidziwa ngati njira ya kumunda kwathu."

Sankanama, koma sankanena zonse. Ankasungulumwa koopsa. Ankasewera yekha shopu ili zii, ndipo akatsala pang'ono kupitirira CONSO, ankasiya dala kuti amuwombere. Akanalichotsa bwanji dzinalo pamwamba?

Lachisanu lina m'mawa meseji inalowa: "Vini wanga, pirira. Ndibwera msika wa fodya ukatsekedwa. Ndiwe wekha mumtima mwangamu."

Masana omwewo panaima njinga yamoto. Anatsika bambo wovala bwino, mlangizi wa kampani ina ya fodya, dzina lake Lucious. Ankafuna chaja, koma ataona kompyuta anamwetulira.

"Gemu iyi muli nayo? Ndisewereko pang'ono, achimwene."

Vincent anatsegula pakamwa kuti amuchenjeze za batani lakufa. Koma anachedwa. Chala cha mlendoyo chinali chitapita kale pa 7, msilikali akuthamanga bwinobwino.

"Bwana, batani limenelo mwalidziwa bwanji?"

"Si mmene imaseweredwera?" Lucious anaseka, maso ali pa adani. "Anandiphunzitsa ndi bwenzi langa ku Lilongwe. Anandikakamiza kuiika pa laputopu, mabatani n'kukonza yekha. Satopa nayo! Mwezi wamawa tikuchita chinkhoswe. Kwawo n'konkuno."

Vincent anagwira tebulo.

Msilikali wa Lucious ataphedwa, mndandanda wa akatswiri unatuluka. Bamboyo anauyang'anitsitsa.

"CONSO? Dzina ngati la wanga uja. Ameneyu ndi ndani?"

Foni ya Vincent inali m'thumba, meseji ya m'mawa ija ili momwemo. Kungoitulutsa, chinkhoswe chikanathera pomwepo. Koma kodi zikanamubwezera chiyani?

"Kasitomala wina wakale," anatero Vincent.

Njinga yamoto itapita, Vincent anakhala pa kompyuta paja. Mtima unkamupweteka, misozi ikutseka maso, koma njira zonse za m'gemumo ankazidziwa pamtima. Anawombera ndi ukali umene sanakhalepo nawo, akudziuza kuti lero dzinalo litsika basi.

Atatsala mdani mmodzi kuti apitirire CONSO, chala chake chinachoka chokha pa 7, ngati masiku onse.