Supuni Zisanu za Ababa

A Lackson ali mwana, analumbira. Nthawi imeneyo phiri la Chiradzulu linali lidakali ndi mitengo. Koma kwawo kunalibe shuga. M'mawa uliwonse, tiyi anali wowawa.

"Ndikadzakula, sindidzamwanso tiyi wopanda shuga," anatero.

A Lackson anakula. Anakhala ndi mwana, dzina lake Thandie. Ankakhala ku Mbombwe. A Lackson ankapalasa njinga ya kabaza.

Thandie ndiye ankawapangira tiyi. Ankathira supuni zisanu za shuga. Supuni iliyonse inkadzaza ngati kaphiri.

Tsiku lina ababa anabwera akukankha njinga. Sanaikwere. Ankatsimphina. Pa chala cha kuphazi panali chilonda. Masiku anapita. Chilonda sichinapole.

Anapita ku chipatala cha Nguludi. Amayi a Thandie anapita nawo. Thandie anapita nawo.

Namwino anayeza magazi. Anayang'ana chilonda. Sanaseke.

"Bambo, muli ndi matenda a shuga," anatero namwino. "Mankhwala awa muzimwa. Shuga muchepetse. Mukapanda kutero, phazi ili likhoza kudulidwa."

Thandie anayang'ana phazi la ababa ake. Phazi lopalasa njinga. Mtima wake unagunda. Gu! Gu! Gu!

Panja anaona bambo wina wa mwendo umodzi. Ankayendera ndodo ziwiri. Go! Go! Go! Thandie anagwira chitenje cha amayi ake. Anachigwiritsitsa mpaka kunyumba.

M'mawa mwake, Thandie sanathire shuga. Sanathire ngakhale pang'ono.

Ababa anamwa. Analavula.

"Awa ndi madzi otsukira mbale!" anatero. "Tiyi wotere ndinamusiya kalekale. Ndinalumbira ine!"

Anadzuka. Anatsimphina mpaka ku tiyirumu. Kumeneko anathira shuga okha.

Madzulo chilonda chinali chitatupa. Ntchentche zinkaterapo. Thandie anaziingitsa. Zinabweranso. Thandie anachita mantha.

Amayi anali pakhonde. Ankayeza nandolo wokagulitsa kumsika. Ankadzaza mbale mpaka pamwamba. Kenako ankadutsitsapo dzanja. Kaphiri kankagwa. Mbale inali yomweyo, koma nandolo wachepa.

Thandie anayang'ana. Anayang'ananso.

M'mawa anabwera ndi kapu.

"Ababa, supuni zisanu, eti?"

"Zisanu," anatero ababa.

Thandie anatapa shuga. Anadutsitsapo chala. Kaphiri kanagwa. Anachita choncho pa supuni iliyonse.

"Iwe!" anatero ababa. "Ukundiyezera ngati amayi ako pamsika?"

"Aa, bambo a Thandie, musandinamizire," anatero amayi. "Ine pamsika ndimaonjezera!"

Thandie sanaseke.

"Ababa, ndikuopa ndodo zija," anatero motsitsa mawu.

Ababa anayang'ana phazi lawo. Anayang'ana njinga yotsamira kukhoma. Kenako anamwa tiyi. Anakwinya nkhope, koma sanalavule. Ku tiyirumu sanapite.

Anamwa mankhwala. Anamwa tiyi wa supuni zosalaza. Pang'ono ndi pang'ono, anazolowera.

"Ababa, lero zinayi?" anafunsa Thandie.

"Mwana wankhanza iwe," anatero ababa. "Thira zinayi."

Kenako zinakhala zitatu.

Koma Loweruka lina kunali ukwati. Kunali zakumwa zotsekemera. Ababa anamwa botolo limodzi. Anamwanso lina. Anamwanso lina.

Pobwerera ankayenda mwapang'onopang'ono. Kukhosi kunawauma. Maso anachita chidima. Anakhala pansi m'mbali mwa msewu.

"Ababa! Ababa!"

"Ndilipo, mwanawe. Ndingopuma."

Thandie anawagwira dzanja. Linali la thukuta. M'makutu mwake ankangomva ndodo zija. Go! Go! Go!

Anapitanso ku chipatala. Namwino anatsuka chilonda. Anachimanga. Sanasekenso.

Kunyumba, Thandie anakhala pafupi ndi ababa ake.

"Basi zakanika, eti Ababa?" anafunsa.

"Sizinakanike," anatero ababa. "Ndinaterereka chabe. Tinalekera pa zingati?"

"Pa zitatu."

"Tiyambire pomwepo."

Mvula inabwera. Supuni zinakhala ziwiri. Chimanga chinakula. Chilonda chinayamba kuuma. Thandie ankachiyang'ana m'mawa uliwonse. Ankaopabe.

Nandolo anakhwima. Supuni inakhala imodzi. Kenako theka. Chilonda chinatsekeka. Panatsala kachipsera kakang'ono.

Ku chipatala, namwino anayeza magazi. Anayang'ana phazi. Ulendo uno anaseka.

"Mankhwala musasiye," anatero. "Koma njinga mukhoza kukwera."

M'mawa wotsatira, ababa anapopa matayala. Anapukuta chishalo. Thandie anabwera ndi kapu ya tiyi. Anatsegula chitini cha shuga. Anatenga supuni.

Ababa anaika dzanja pamwamba pa kapu.

"Tseka chitinicho," anatero. "Tenga chikwama. Lero kusukulu ukupita pa kabaza."

"Ndilipira zingati, Ababa?"

"Kwera, iwe! Uchedwa."

Amayi anaseka pakhonde. Thandie anathamangira chikwama.

Ababa anakweza kapu. Anamwa tiyi yense, wopanda shuga.