Tabu Yachisanu

Hawkins Mateyu anapezeka atafa Lachinayi masana m'chipinda chake cha lendi ku Chilomoni, kuseri kwa chigayo. Anamupeza ndi mayi eni nyumba, omwe anabwera kudzalonjerera beseni lawo n'kupeza wobwereka uja atasiya kuyankha za mabeseni.

Hawkins anagona chafufumimba pakati pa tebulo ndi bedi, bala lili kunkhongo. Mwala womwe ankatchingira chitseko unali pambali pake, uli magazi okhaokha. Patebulo panali laputopu yotsegula. Kebulo yoyera inali yolumikiza ku laputopuyo, mbali inayo ikungolendewera yopanda foni.

Amene anabwera kudzaona za imfayi ndi a Tiyanjane Likoswe, wapolisi wofufuza milandu amene anamera imvi ali pantchito yomweyo. Mayiwa ankayang'ana chinthu nthawi yaitali osanena kanthu, ngati akusankha tomato. Pambuyo pawo panali Konsitabo Rafaeli, bambo amene mimba yake inkalowa m'nyumba mwini wake akadali pakhonde.

"Wakuba ameneyu, madamu," anatero Rafaeli.

"Wakuba wasiya laputopu?"

"Mwina ndi wakuba wopemphera."

A Likoswe anapisa m'thumba la malemuyo n'kutulutsa foni yake, yaikulu bwino. Anayesa kulowetsa kebulo ija. Inakana. Kamwa yake inali ya timafoni takale tija. Anaizula, n'kuiika m'pepala la pulasitiki.

Panja anthu anali atamaliza kale kufufuza, paja ku Chilomoni mlandu sugona. Onse ankatchula Mubarak, wokonza mafoni pabenchi la pa siteji ya minibasi, amene dzulo lake anamveka akukalipirana ndi Hawkins. Anyamata ena anali atayamba kufunsana komwe kuli matayala akutha. A Likoswe anatuma Rafaeli kuti akamutenge Mubarak msanga, matayala asanapezeke.

Kupolisi Mubarak anakhala pampando manja ali pakati pa miyendo.

"Munakangana ndi Hawkins dzulo," anatero a Likoswe.

"Timakangana sabata iliyonse, madamu. Amabwereka mafoni a makasitomala anga kuti ayesere zinthu zake, ati aone ngati zikukwana pa sikirini yaing'ono. Dzulo anachedwetsa ya mayi wina wa pakamwa. Mayiyo ananditukwana ine, ine ndinakatukwana iye. Zinathera pomwepo."

"Kebulo iyi mukuidziwa?"

"Yachokera pabenchi langa. Koma zimenezo ndagulitsa Chilomoni yense."

"M'mawa uno munali kuti?"

"Ku Limbe, kokagula zipangizo."

"Anakuonani ndani?"

"Kondakitala. Koma kondakitala amaona mitu, saona nkhope."

Mkulu wa polisiyo anamva zonsezi n'kukhutira. Mkangano ulipo, kebulo ilipo, mboni palibe. Ananena kuti Lolemba Mubarak akaonekere kukhoti pa mlandu wakupha. Kunja mkazi wa Mubarak anali atakhala pansi pa mtengo ndi mwana kumsana, ataletsedwa kubwerera kunyumba chifukwa mawindo anali atagendedwa kale.

A Likoswe ananyamula laputopu ndi kupita ku Soche, kwa Zeinabu Idrissa, mtsikana amene ankagwira ntchito ndi malemuyo. Anamupeza maso atatupa.

"Munkapanga chiyani awirinu?"

"Apu, anti. Dzina lake Tcheru. Ndi ya anthu okhala m'mphepete mwa mapiri, ku Manje, ku Chilobwe. Mvula ikachuluka imawachenjeza, n'kuwauza kothawira."

"Ine za maapu ndimadziwa yotumizirana mauthenga a maliro basi. Ndionetse."

Zeinabu anatsegula foni yake n'kuloza m'munsi mwa sikirini. Munali tizithunzi tisanu tondondozana, kalikonse ndi dzina lake pansi: Mvula, Uthenga, Thandizo, Kothawira, Osowa.

"Awa timati matabu. Mukadina imodzi, tsamba lake limatseguka, koma mzerewu suchoka, umakhala pomwepa."

"Ngati nyumba zamdadada. Zitseko zisanu, khonde limodzi."

"Eya, choncho. Ine ndimajambula maonekedwe, Hawkins ndiye ankamanga. Vuto linali lakuti anthu athu ambiri ali ndi timafoni ting'onoting'ono. Zitseko zisanu zimapanikizana. Tinakayesa ku Manje ndi anthu atanyowetsa manja, ngati kukugwa mvula. Agogo ena ankafuna Kothawira, chala n'kugwera pa Osowa. M'malo mowauza kopita, foni inawaonetsa nkhope za anthu omwe anapita ndi matope nthawi ya namondwe Freddy. Agogowo anangokhala pansi. Hawkins sanagone nazo zimenezo. Anati matabu akhale anayi, akuluakulu, ndipo Uthenga ndi Osowa zilowe mkati mwa tabu imodzi yotchedwa Zina."

"Koma iwe uli ndi asanu."

"Anali asanamalize."

A Likoswe anamukankhira laputopu. Zeinabu anawerenga timizere tija tooneka ngati nyerere zafola, kenaka anagwira pakamwa.

"Anamaliza. M'mawa wa lero lomwe. Ndipo apa pakuonetsa kuti anaiika mufoni imodzi."

"Mwina anaitumiza pa intaneti?"

Zeinabu anaseka pang'ono misozi ili m'maso. "Hawkins? Bandulo ankaiumira kuposa shuga wa alendo. Apu yoyesera ankaika ndi kebulo basi. Ukaifuna, upite ndi foni yako, ukhale pabedi lake, udikire."

A Likoswe anayatsa foni ya malemuyo, Zeinabu n'kuwathandiza kutsegula. Matabu asanu.

"Yake yomwe sanaikemo?"

"Ankayamba ndi foni yaing'ono kwambiri yomwe angapeze. Ankati zikakwana pamenepo ndiye kuti zakwana paliponse."

"Ndiye kuti Blantyre yense, foni ya zitseko zinayi ndi imodzi."

"Imodzi, anti."

Madzulo omwewo Rafaeli anakakhuthula bokosi la mafoni a pabenchi la Mubarak. Anayatsa zoyaka, zosayaka anazigwedeza. Ya matabu anayi munalibe. Mkulu wa polisi sanasunthe. Anati chimbudzi cha dzenje chimameza foni bwinobwino, Lolemba ndi Lolemba.

A Likoswe anaimbira foni Zeinabu. "Tabu ya Osowa ija anaifuna ndani?"

"A Duncan Nakoma, apampando a komiti ya ku Manje. Iwowo ndi amene anayenda khomo ndi khomo kutolera zithunzi. Mwana wawo Chiyamiko sanapezeke mpaka lero. Koma anti, musawaganizire amenewo. Hawkins ankawatcha adadi. Ankamubweretsera chinangwa."

"Sindikuganizira munthu. Ndikungofunsa."

Lachisanu m'mawa anasiya galimoto m'munsi n'kukwera ku Manje wapansi. Njira inkadutsa pambali pa chigwembe chomwe madzi anakumba, miyala ikuluikulu ili mbwee pomwe kale panali nyumba. Rafaeli anaima katatu, ati akuona malo.

A Duncan anali pakhonde la kanyumba katsopano ka malata, akusoka nsapato. Anali bambo wowonda, wa jekete laukhondo. Anawapatsa mpando a Likoswe, Rafaeli n'kumupatsa ndowa yovundikira.

"Pepani ndi zovutazi, bambo Nakoma."

"Zikomo, mayi. Mwana uja anali wanzeru. Ndinamva dzulo madzulo."

"Munaonana naye liti komaliza?"

"Lamulungu, titaweruka kutchalitchi. Anabwera kumsonkhano wa komiti."

"Kwake simunapiteko sabata ino?"

"Ayi. Miyendo yanga ndi Chilomoni sizigwirizana."

"Za Mubarak mukudziwapo chiyani?"

A Duncan anayang'ana nsapato yomwe ankasoka. "Sindimudziwa bwino. Ndamva kuti amugwira."

"Lolemba akalowa kukhoti. Ali ndi mwana wakhanda."

Singano inaima pang'ono, kenaka inapitiriza.

A Likoswe anayang'ana kuphiri nthawi yaitali. Atatero anafunsa mofatsa, ngati nkhani ya mlandu yatha. "Ndamva kuti munataya mwana wamkazi."

"Chiyamiko. Anali Folomu 2. Tinakumba milungu yambiri. Anzathu ena anapeza awo n'kuika m'manda. Ine sindinapeze ngakhale nsapato."

"Ankafanana ndi inu?"

"Ndi amayi ake. Mpata wa mano womwewo."

"Muli ndi chithunzi chake?"

"Zonse zinapita ndi nyumba. Chinatsala chimodzi, anajambula ndi aphunzitsi ake. Ndi chomwe chili mu apu muja."

"Ndingachione?"

Bambo aliyense akafunsidwa zimenezo sayamba waganiza. A Duncan anapisa m'jekete n'kutulutsa kafoni kakang'ono komangidwa ndi mphira. Anatsegula Tcheru. Chala chawo chachikulu chinapita chokha pakona ya kumanja m'munsi, pomwe chinazolowera kupita m'mawa uliwonse, n'kudina.

Nkhope sinatuluke. Panatuluka mawu awiri, lina pamwamba lina pansi: Uthenga, Osowa.

Chala chija chinangoti zii m'malere.

A Likoswe anaweramira pafupi n'kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, ngati mwana wa Sitandade 1. "Mvula. Thandizo. Kothawira. Zina." Anadzutsa mutu. "Zitseko zinayi, bambo Nakoma."

A Likoswe anapitiriza.

"Zimenezi Hawkins anazimaliza dzulo m'mawa. Sanatumizire munthu. Anaziika mufoni imodzi yokha, ndi kebulo, m'chipinda mwake." Anatulutsa pepala la pulasitiki lija, n'kusolola kamwa ya kebulo. "Tabwereka."

A Duncan anapereka. Kebulo inalowa kuti tswii, osavuta.

Rafaeli anadzuka pandowa paja, koma a Likoswe anamukwezera dzanja kuti akhale.

"Anandiimbira yekha," anayamba a Duncan, mawu ali pansi. "Ati adadi, bwerani ndi kafoni kanu kaja, ndikonyansa kuposa onse, ndikufuna ndiyesere. Tinaseka. Ndinamutengera chinangwa. Analumikiza, tinadikira, n'kundipatsa. Ati onani mmene zakulira, ngakhale wakhungu adina. Ine kudina pakona, mwana wanga palibe. Ndinati, Chiyamiko ali kuti? Ati ali momwemo, adadi, mungodina kawiri."

"Ndiye munakwiya."

"Ndinamupempha, mayi. Ndinati ine ndinayenda Manje yense, ndinalonjeza azimayi kuti ana awo adzakhala poyera, aliyense wotsegula foni aziwaona. Mwina wina anapulumuka, anasokonezeka mutu, ali ku Mulanje kapena ku Mozambiki, munthu n'kumuzindikira. Ndinati chotsa Thandizo, chotsa chilichonse, koma awa asiye panja. Matope anawakwirira kamodzi, iwe usawakwirirenso."

"Anati chiyani?"

"Anafotokoza za zala zonyowa. Ndinamva, sindine chitsiru. Koma nditalimbikira anatopa nane. Anati, adadi, apu iyi ndi ya amoyo. Basi n'kutembenuka, kuyamba kutayipa, ine ndili chiimire kumbuyo kwake. Mwala unali pachitseko pomwepo. Sindikumbuka kuwerama. Ndikukumbuka kulemera kwake."

"Kangati?"

"Kamodzi."

"Mutamva kuti agwira Mubarak?"

"Ndinati mawa ndipita ndekha. Kutacha ndinatinso mawa."

"Nanga foniyi bwanji simunaitaye? Zimbudzi zilipo."

A Duncan anawayang'ana ngati afunsa zamisala. "Nditaye Chiyamiko?"

A Likoswe anaimba kupolisi. Anauza mkulu wawo kuti atulutse Mubarak, ndiponso atume galimoto ku Chilomoni ikalengeze pa siteji kuti mwini benchi alibe mlandu, anyamata a matayala amve ndi makutu awo. Mkuluyo anayamba kufunsa zambiri. A Likoswe anati netiweki ikuvuta kuphiri, n'kudula.

A Duncan analuma ulusi, n'kuvala nsapato yomwe ankasoka ija. Anakhoma chitseko, kiyi n'kupatsa mayi woyandikana nawo amene anali ataima ndi tsache osasesa chilichonse. Rafaeli anatulutsa unyolo, koma ataona kutsetsereka kwa njira anaubwezera m'thumba.

"Foniyo mupita nayo?" anafunsa a Duncan.

"Ndi umboni, bambo."

"Ndidineko kachiwiri kaja."

A Likoswe anawagwirira foniyo. A Duncan anadina pa Osowa, n'kutsitsa mpaka pa mtsikana wa yunifolomu, wa mpata m'mano, akuseka wojambula. Anayang'ana. Kenaka anagwedeza mutu kuti basi.

A Likoswe anaika foniyo m'pulasitiki momwemo ikuyaka, n'kumata. Anayamba kutsika, Rafaeli patsogolo, a Duncan pakati. Asanafike pachigwembe paja, sikirini inazima yokha.